Mawu Khumi ndi Awiri a M'chitini cha Mayi Teresa

Aliyense amene anadulitsapo kiyi pamsika wa Ndirande amawadziwa a Bonifasi Zuze. Ndi bambo wamfupi wochokera ku Nsanje, amene wakhala pakabenchi kake ndi tupa m'manja kuyambira ena a inu musanabadwe. Ine ndimaphunzitsa achinyamata kutchalitchi chathu, ndipo nkhaniyi ndikuilemba mwini wake atandilola.

Pakhomo pa a Bonifasi panali pabwino. Chuma panalibe, koma mtendere unalipo wokwanira kugawirako anansi. Mkazi wawo, mayi Teresa, ankasoka mayunifomu a ana asukulu pakhonde. Madzulo banja lonse linkapemphera kolona dzuwa lisanalowe. Ana anali awiri. Woyamba, Evelina, ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Joni. Wotsiriza, Chrispin, anali atangomaliza Fomu 4, mnyamata wamutu wakuthwa amene ankakonzera mafoni amayi onse a mumphakati wa kutchalitchi, ndipo akayamikiridwa ankayenda ngati pansi pali masipuling'i.

Vuto linali nyumba. Inali kumunsi kwenikweni, m'mphepete mwa mtsinje wa Nasolo. Namondwe wa Freddy anadya gombe mpaka pafupi ndi bafa, nasiya mng'alu m'khoma la kuchipinda cha makolo, woti dzanja kulowa. A Bonifasi ankamata mng'aluwo ndi matope, koma chaka chilichonse unkayasamanso. Tsono Evelina anapeza puloti pamalo okwera ku Machinjiri. Mwini malo anavomera kudikira mpaka kutha kwa Okutobala. Cholinga chinali chimodzi: mvula isawapezenso m'nyumba imeneyo.

Lamulungu lina atabwera ku Misa, Evelina anaimba foni ya kanema. Onse atatu anaunjikana pafoni ya Chrispin, poti makolo anali ndi tifoni ta mabatani.

"Ndizitumiza pang'onopang'ono kudzera pa kiriputo," anatero Evelina. "Ndi ndalama za pa intaneti. Mtundu umene ndasankha umayenda ndi mtengo wa dola, ndiye siziguga podikira Okutobala. Chrispin, tsegula linki imene ndakutumizirayo. Imeneyo yokha. Usakatenge apu kwa munthu pamsika, zachinyengo zilipo zofanana nayo ndendende."

Chrispin anaika apuyo, nasankha pini. Kenako pafoni panatuluka mawu khumi ndi awiri a Chingerezi, osagwirizana, ngati wawatola wamisala.

"Ima pomwepo," anatero Evelina. "Tenga cholembera ndi pepala. Lemba mawuwo motsatana mmene alili. Usajambule, usasunge mufoni, usatumizire munthu, ngakhale ine amene."

"Nanga pini ija ndi ya chiyani, asisi?"

"Pini imatseka foni yakoyo basi. Ndalama sizikhala mufoni. Foni itagwera m'chimbudzi lero, mawa ungagule ina, n'kulembamo mawuwo, ndalama zonse n'kutulukira. Komanso munthu amene ali ku China atawadziwa, atha kuzitenga foni ili m'thumba mwako."

Mayi Teresa anagwira pakamwa. "Mariya Woyera! Ndalama zokhala m'mawu?"

A Bonifasi anatenga pepalalo ndi manja awiri, nalitembenuza, naliyang'ana nthawi yaitali. Munthu amene anakalambira pa makiyi anali ataona kiyi wopanda chitsulo, ndipo anachita mantha osakanikirana ndi kusirira.

"Zikasowa timakadandaula ofesi iti?" anafunsa.

"Kulibe ofesi, ababa. Si banki, ndipo boma silingatibwezere. Mlonda wake ndife tomwe."

Evelina anayamba watumiza kangachepe koyesera. Anauza Chrispin kuti akopere adiresi ya waleti, ndiye kuti apu yosungiramo ndalama ija, awerenge zilembo zoyambirira ndi zomalizira mokweza, iye akutsimikiza mbali inayo. Asanamalize n'komwe kuseka za mawerengedwe ake, foni inalira. Ndalama zinali zitachoka ku Joni n'kufika ku Ndirande madzi a tiyi asanawire. Mayi Teresa analemba chizindikiro cha mtanda. Ndinamva kuti tsiku limenelo ngakhale a Bonifasi, amene sadabwa wamba, anangoti, "Mulungu anapatsa anthu nzeru zoopsa."

Pepala lija analiika m'chitini cha mabisiketi mmene munkakhala makadi a ubatizo. A Bonifasi anabowola chitinicho, naikapo kaloko, kiyi wake n'kumumangirira pachingwe cha m'chiuno. Kenako anatembenukira kwa mwana wawo.

"Iwe, tamvera. Pantchito yanga ndaona anthu akulira. Munthu amabwereka kiyi wako kwa mphindi imodzi, n'kumudinda pasopo, n'kukubwezera akumwetulira. Iwe umapita kwanu uli ndi kiyi wako m'thumba, osadziwa kuti nyumba siilinso yako. Wandimva?"

"Ndamva, ababa. Zimenezi ndimazidziwa kale."

"N'chimene chikundiopsa."

Miyezi inadutsa. Evelina ankatumiza, nambala ya pafoni n'kumakula. Chrispin anayamba kuitsegula kangapo patsiku, ali yekha, kumangoiyang'ana. Ntchito yothandiza bambo ake pabenchi inayamba kumunyansa. Munthu amene m'thumba mwake muli puloti yathunthu angamapale chitsulo ndi tupa? Mtima wake unkanena choncho, ndipo iye sankautsutsa.

Tsiku lina ali mu minibasi yopita m'tauni anakumana ndi Godfrey, amene anaphunzira naye sukulu ya pulaimale. Godfrey anali atatchena jekete masana dzuwa likuswa mtengo, mafoni awiri m'manja, fungo la perefyumu lodzaza galimoto yonse. Chrispin sanathe kudziletsa. Anatsegula waleti namuonetsa.

"Aise!" anatero Godfrey motsitsa mawu. "Dola yonseyi ikungogona? Ndiwe dolo koma ukukhala ngati wakumudzi. Ndipeze ku Chemusa mawa."

Ku Chemusa Godfrey anali ndi kachipinda kuseri kwa bawa, tebulo limodzi ndi laputopu yoonetsa mizere yobiriwira yokwera ndi kutsika. Chrispin anaiyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Izi ndi ndalama za puloti," anatero. "Asisi anati ndisakhudze."

"Asisi ako akupukuta nkhalamba ku Joni, akudziwa chiyani za bizinesi? Ponya kangachepe, uone wekha. Madala sadziwa."

Chrispin anatumiza kangachepe. Kumeneko kunali kuba koyamba, ngakhale iye anakutcha kuyesa. Patapita masiku atatu zinabwerera zitawirikiza. Anabwezera za makolo m'malo mwake, zotsalazo anagula nsapato zoyera, ndipo kwa nthawi yoyamba analawa mowa pabawa ija, Godfrey akumuwomba paphewa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mayi Teresa anaziona nsapatozo pakhonde.

"Izi zachokera kuti?"

"Ndakonzera munthu foni, amayi."

"Foni yake yagolide? Ndipo m'kamwa mwakomo mukununkha chiyani? Chrispin, ine ndinakubala. Chinthu chobwera mothamanga chimachokanso mothamanga, ndipo pochoka sichichoka chokha."

Chrispin anangoti amayi ndi achikale, nalowa m'nyumba.

Sabata yotsatira Godfrey anabwera ndi nkhani ina.

"Zija zinali za ana. Pali gulu la mabwana. Kumeneko dola siichoka n'komwe mu waleti mwako, imaswana momwemo. Umangolumikiza waleti ndi sisitemu yathu. Pamafunika mawu thwelofu aja basi."

"Amenewo ayi. Anandiletsa."

"Foni ili ndi ndani? Iwe. Pini akuidziwa ndani? Iwe. Nanga ine ndingatenge bwanji? Ndipo ngakhale zitalakwika, si timapangitsa rivesi ngati mmene timachitira tikaphonya nambala potumiza ndalama pafoni? Taganiza, mwana. Okutobala ikamakwana uwapatse masteni puloti ndi malata omwe. Azikakutchula pa mphakati."

Apa m'pamene Chrispin anagwera. Sanaiwale mawu a Evelina, anangosankha kukhulupirira amene ankamukomera. Umbombo unavala malaya a chikondi cha pa makolo, ndipo iye anaulandira ngati mlendo wolemekezeka.

Loweruka masana a Bonifasi anavula chingwe cha makiyi polowa kubafa. Chrispin anatenga kiyi wa chitini, namudinda pachidutswa cha sopo wochapira, namubwezera. Lolemba anadzipereka kukadikirira benchi bambo ake atapita ku Limbe kukaoda maloko. A Bonifasi anasangalala kuti mwana wayambanso kukonda ntchito. Pabenchi lomwelo, ndi tupa ya bambo ake, Chrispin anadula kiyi. Tsiku lotsatira mayi ake ali kumsika anatsegula chitini, anajambula pepala lija, natumiza chithunzicho kwa Godfrey. Pepalalo analibwezera bwinobwino pansi pa makadi a ubatizo, pomwe panali khadi lake lomwe.

Anatseka kaloko, anakhala pampando, natsegula waleti kuti aone ndalama zikuswana. Nambala inali pomwepo. Anamwetulira. Foni inanjenjemera kamodzi m'manja mwake, ndipo pamene panali nambala panatsala ziro.

Anatseka apu n'kutsegulanso. Anazimitsa foni n'kuyatsanso. Anaimbira Godfrey, nambala sinkapezeka. Anathamangira ku Chemusa ndi nsapato zoyera zija, napeza kachipinda kali pululu, ndipo pakhomo panali anthu ena atatu, mmodzi mayi wachikulire atakhala pansi akulira. Pobwerera anaima pa kabenchi ka ejenti wa ndalama za pafoni.

"Achimwene, ndithandizeni kupanga rivesi."

Ejentiyo anayang'ana foniyo, napukusa mutu. "Izi si zathu izi. Zimenezi zilibe nambala yoimbira. Zikapita zapita."

Chrispin anaima pamsewu magalimoto akumuimbira mahutala. Palibe anathyola chitseko, palibe anamugwira m'thumba, foni inali m'dzanja lake, pini inali m'mutu mwake, koma thukuta la mchemwali wake la chaka chathunthu linali litapita.

Madzulo a tsiku lomwelo a Bonifasi anamuitanira kuseri kwa nyumba, kiyi wa chitini ali m'manja.

"M'mano a kiyi uyu ndapezamo sopo. Ukudziwapo chiyani?"

"Mwina munamugwira posamba, ababa."

"Ine ndimasamba ndi sopo wochapira? Ndiyang'ane. Ngati pali chimene wachita, nena lero, tidziwe pothawira mvula isanabwere."

Khomo la kulapa linali lotsegula, bambo ake atalitsegula okha. Chrispin anatulutsa foni nawaonetsa chithunzi chakale cha waleti chimene anajambula ndalama zikadalimo. A Bonifasi, amene sankasiyanitsa chithunzi ndi apu, anaona nambala, napuma mozama.

"Pepa mwana wanga, ndakuganizira zoipa."

Chrispin anandiuza kuti pa zonse zimene zinachitika, "pepa" ameneyo ndi amene amamuwotcha mpaka lero.

Bodza limabala ana msanga. Okutobala itakwana anauza makolo kuti netiweki ya kiriputo yavuta dziko lonse. Evelina akaimba, ankati batire latha. Mwini puloti anadikira sabata imodzi yowonjezera, kenako anagulitsa kwa ena. Mlongo wawo wa a Bonifasi wa ku Misesa anawapempha kuti akakhale kaye kwawo mpaka mvula itatha, koma iwo anakana mwaulemu, poti ndalama zilipo, apeza puloti ina posachedwa. Anakhalabe m'mphepete mwa Nasolo chifukwa chokhulupirira mwana wawo.

Mvula yoyamba inabwera Lachinayi masana. Mitambo inatsika paphiri la Ndirande mpaka phiri lonse linasowa. Kunachita mdima ngati kadamsana, mphezi zikung'anima, ndipo madzi anatsika m'tinjira ta m'makomo atanyamula miyala, zinyalala ndi zitseko za mabafa. Chrispin anali atabisala pakhonde la golosale kumtunda. Anamva mkokomo wa mtsinje, kenako mfuu ya mayi wina: "Kwa a Zuze! Khoma lagwa kwa a Zuze!"

Anathamanga, nsapato imodzi n'kutsalira m'matope. Chipinda cha makolo chinali mulu wa njerwa ndi malata. Mayi Teresa anali atalowamo kukatenga chitini, kuti pepala la ndalama za mwana wawo lisanyowe.

Chrispin anagwada pamuluwo nayamba kufukula ndi manja. Anansi anabwera ndi makasu ndi mafosholo. Zikhadabo zake zinathyoka, magazi akusakanikirana ndi matope, ndipo pamenepo chimene anachibisa miyezi iwiri chinatuluka chokha, pamaso pa anthu onse.

"Amayi! Mulibe kanthu m'chitinimo! Ndinaba ndine! Ndinadula kiyi ndine! Ndalama zinapita kalekale! Amayi, musafere pepala lopanda kanthu! Ambuye, tengani ine!"

Anthu anayang'anizana koma sanasiye kukumba. A Bonifasi anafika kuchokera kumsika ali chinyowere, namva mawu omalizirawo. Anagwada pambali pa mwana wawo nayamba kuchotsa njerwa.

Mayi Teresa anawapeza pansi pa chitseko chimene chinagwa mopendekeka n'kutsamira pabedi, n'kusiya kampata kokwana munthu mmodzi. Mwendo wakumanzere unali utapanikizidwa ndi mtanda wa denga. Chitini chinali pachifuwa pawo. Ankapuma. Amuna akuluakulu amene anaona kampatako anavula zipewa mvula ikugwa, ndipo mayi wina anayambitsa nyimbo yoyamika pomwepo pamatope. Inenso ndinalipo, ndipo sindinaonepo dzanja la Mulungu poyera chotero.

Kuchipatala, patapita masiku awiri, Evelina anaimba foni ya kanema. Anali atalira mpaka mawu kusasa. Anauza Chrispin kuti atsegule tsamba lina pa intaneti, alembepo adiresi ya waleti. Zonse zinaoneka: tsiku, ola, ndi adiresi imene ndalama zinapita.

"Ndi izo apo," anatero Evelina. "Dziko lonse likhoza kuziona. Palibe angazibweze. Ndipo waleti imeneyo yafa, tisadzaikemonso kanthu, poti mawu ake ali m'manja mwa akuba."

A Bonifasi anayang'ana pafonipo, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Zaka makumi atatu ndadula makiyi a anthu a mu Ndirande muno. Sindinalowepo m'nyumba ya munthu. Kiyi woyamba wakuba kudulidwa pabenchi langa, wadula ndi mwana wanga."

Chrispin anagwada pasimenti pafupi ndi bedi la mayi ake, osatha kudzutsa mutu. Mayi Teresa anatambasula dzanja namugwira khutu, monga ankachitira ali wamng'ono.

"Ndinakumva," anatero motsitsa. "Pansi pa njerwa paja ndinamva zonse. Mpweya unali ukutha, ndipo ndinali nditayamba kale kupereka mzimu wanga. Koma nditamva mawu ako ndinati, Ambuye, musanditenge ndisanamuyankhe mwanayu, angadzasenze mtembo wanga moyo wake wonse. Ndiye ndikukuyankha. Ndakukhululukira. Koma ukananena tsiku lija bambo ako anakufunsa, bwenzi tili ku Misesa, ine ndikuyenda ndi miyendo iwiri."

Nkhani anakaitula kupolisi, koma Godfrey sanapezeke mpaka lero. Banjali likuchita lendi chipinda chimodzi ku Misesa. Evelina anayambanso kusunga kuchokera pa ziro, mu waleti yatsopano imene mawu ake akuwadziwa yekha. Chrispin anabwerera pabenchi, ndipo kiyi wakuba uja anamukhomera pamtengo wa kutsogolo kwake, kuti azimuona akamagwira ntchito. Mwendo wa mayi Teresa sunalunzike bwino, amayendera ndodo. Makina osokera opalasa ndi phazi anawasiya.

Achinyamata inu, ndikunena mosapsatira. Waleti ya kiriputo si tchimo, ndi nzeru yodabwitsa, koma ilibe chifundo ndi munthu wosasamala. Mawu khumi ndi awiri aja alembeni papepala, muwabise, musawajambule, musauze munthu. Aliyense wokupemphani mawuwo ndi wakuba, kaya wavala jekete, kaya munakhala naye desiki imodzi. Wokulonjezani kuti ndalama ziswana pa masiku atatu akukutcherani msampha. Koma choposa zonsezi ndi ichi: musakhumbe zimene munangopatsidwa kusunga, ndipo mukagwa, nenani tsiku lomwelo. Kuba kunatayitsa banjali puloti, koma chimene chinathyola mwendo wa mayi Teresa ndi bodza.

Lamulungu lililonse Chrispin amawagwira mayi ake dzanja polowa m'tchalitchi. Anthu akakhala chete kudikira Misa, ndodo yawo imamveka pasimenti, go, go, go, kuchokera pakhomo mpaka pabenchi la kutsogolo. Mayi ake anamukhululukira, Mulungu anamukhululukira, koma ndodoyo amaimva sitepe iliyonse.